Tinakwera Chipendeka Kukasaka Viyu

Kuno ku Indiana kulibe phiri. Ndikunena ine, ndipo amene akufuna kutsutsa abwere nalo phiri lakelo tilione. Kuchokera ku South Bend, komwe ndimakhala kwa mwana wanga Esinati, kukafika ku Indianapolis, dziko langoti see ngati mphasa yoyala mkazi waukhondo. Uku chimanga, uku soya, kutsogolo chimanga china. Kuno ng'ombe singasowe. Ikabisala kuti? Mkamwini wanga anandiuza kuti kummwera kwa Indianapolis kuli mapiri, mpaka anandinyamula pagalimoto kuti ndikawaone. Ndinatsika, ndinayang'ana, ndinamuthokoza chifukwa cha ulemu wake. Koma kwathu ku Ntchisi zimene zija timati zulu, ndipo timadzalapo maungu.

Ndayamba ndi mapiri chifukwa cha inu anzanga a ku Indianapolis, amene mumanditcha a Chiyu tikakumana kumapemphero a Amalawi. Ena mwa inu mumayesa ndi mfunda. Mayi wina wa ku Beech Grove anafika pondigwadira n'kunena kuti agogo ake nawonso anali a kwa Chiyu. Pepani mayi, agogo anuwo anakunamizani. Chiyu ndine ndekha padziko lonse lapansi, ndipo dzinali ndinakalitenga pamwamba pa phiri ndi miyendo yangayi.

Ndinali Sabu B, kalasi yachiwiri poyamba sukulu, nthawi imeneyo. Zaka musandifunse, chifukwa masiku amenewo ankangokuuza kuti upitirize dzanja pamutu, likakhudza khutu ndiye kuti wakula, kayambe sukulu. Sukulu yathu inali tchalitchi chaudzu cha mishoni: Lamulungu kupempheramo, masiku enawa kuphunziriramo, titakhala pa mitengo yogoneka, sileti pamwendo. Mphunzitsi wathu anali a Zingani, munthu wamfupi wovala jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Tinkakhulupirira kuti chizungu chonse chimene chinabwera m'dziko muno chinafikira m'mutu mwawo. Ine pasukulupo ndinkatchuka ndi mawu. Khasu lakutha lomwe linali belu lathu likasowa, aphunzitsi ankangoti ndiime pachulu ndiitane, ndipo ana a midzi itatu ankafika. Zilembo zokha ndi zomwe zinkandizemba pang'ono, makamaka b ndi d, koma ndinali nditayamba kuzigwira mchira, ndipo sukuluyo ndinkaikonda.

Kuseri kwa mudzi wathu kuli phiri lotchedwa Chipendeka. Pamwamba pake pali chimwala chopendekeka ngati chikufuna kugwa, ndipo chakhala chikufuna kugwa kuyambira nthawi ya makolo. Kuphiriko tinkapita ndithu: kukatola nkhuni, kukazula bowa, kukatola masuku, kukadula nsungwi, kukatchera mbira zija zokhala m'miyala. Koma munthu ankalekeza pomwe wapeza chimene wadzera. Pansonga penipeni panalibe nkhuni, panalibe bowa. Ndani wamisala akanakwera mpaka kumeneko kukatenga mphepo?

Ndiye tsiku lina Lachisanu, chimanga titakolola, kunabwera mzungu woyendera sukulu za mishoni. Anali wa ku Mangalande, wamtali ngati mlongoti, woyenda pa mthuthuthu. Ankavala kabudula, ndipo mawondo ake anali ofiira ngati matimati, choncho dzina lake lenileni palibe anavutika nalo. Tonse tinkati Bwana Mawondo. Atatha kuona masileti athu, anaima pakhomo n'kuyang'ana Chipendeka nthawi yaitali. Kenako analankhula ndi aphunzitsi m'chizungu. A Zingani anagwedeza mutu kangapo, anakonza jekete, n'kutiuza kuti, “Mawa Loweruka tonse tikuperekeza bwana kuphiri. Tikukaona viyu.”

Mtsikana wina anakweza dzanja kufunsa kuti viyu n'chiyani.

“Ukafunsa zonse pansi pano, kuphiri ukafunsa chiyani?” anatero aphunzitsi. “Mukaona konko.”

Nditafika kunyumba ndinapeza atate akusema mpini pansi pa mango. Atate anali a ku Kasungu, ndipo ngakhale anakhala zaka zambiri kwa amayi, lilime lawo silinasamuke. Ife tikati zinthu iwo ankati vinthu, tikati zingwe iwo vingwe. Ndinawafunsa za viyu. Anaganiza pang'ono, sompho ili m'mwamba.

“Viyu? Ndiye kuti ni vambiri. Chimodzi ni chiyu.”

Basi, mutu wanga unamaliza zotsalazo. Chinthu chokhala m'miyala pamwamba pa phiri, chimene mzungu angasiye kwawo kudzachifuna kuno, sichingakhale china koma nyama, ndipo nyama yake yonona. Dzuwa lisanapendeke ndinali nditauza anzanga onse kuti chiyu chili ngati mbira koma chachikulu, chofupika mchira, mafuta ake ochita kudontha. Wina atakayikira, ndinamuuza kuti ndinachionapo kamodzi chikuwothera dzuwa.

Nkhaniyo inafika kwa atsibweni anga a Lufeyo, alongo awo a amayi. Iwo ndiwo anali eni mbumba, ndipo za ife ana ankagamula ndi iwowo. Atate ankafuna kuti ndiphunzire, koma anali mkamwini, ndipo mawu a mkamwini pa ana ankathera pakhomo la nyumba yake. Atsibweni anali ndi ng'ombe, mbusa wawo anali atathawira ku Halale kukafuna ntchito, ndiye diso lawo linali pa ine kuyambira kale. Kuwonjezera apo, sabata imeneyo ng'ombe yawo yaikazi, yofiirira, yoyera pamphumi, yomwe inali ndi bere loyamba, inali itasowa masiku atatu. Munthuyo anali wowawa ngati tsabola wa kambuzi.

Anandiitana pabwalo, anthu ali pomwepo.

“Ng'ombe yasowa, anthu tikuzungulira tchire, ndiye aphunzitsi ako akuti ana akakwere phiri. Kukatani?”

“Kukaona viyu, atsibweni.”

“Amadya?”

“Kwambiri,” ndinayankha, ndi mawu anga aja. “Mawa ndibwera nacho chimodzi mudzalawe.”

“Chabwino. Ukabwera nacho chiyu chakocho, sukulu uzipita mpaka umere ndevu. Ukabwera chimanjamanja, Lolemba ukabweze sileti uyambe kubusa.”

Ndinavomera mokweza kuti a kutsidya amve nawo.

Mmawa mwake kunali kozizira, mame akuluma zala zakumapazi. Bwana Mawondo atafika pasukulu anapeza gulu lankhondo. Anyamata tinali ndi malegeni, zibonga ndi agalu awiri. Ine ndinali ndi uta wa atate ndi chiguduli chachikulu chotengeramo nyama. Atsikana ananyamula nsengwa, kuchitira kuti mwina viyu n'zipatso. Mzungu uja anasangalala kwambiri. Ndikuganiza ankayesa kuti umu ndi momwe timalemekezera alendo. Aphunzitsi okha ndi amene anabwera manja ali m'thumba, ngati munthu wodziwa zonse.

Tinadutsa m'minda ya mapesi, tinalowa m'udzu wautali wouma wonunkhira fumbi, tikuzemba chitedze chomwe chinali lendelende m'mitengo. Tinapitirira pomwe amayi amalekezera nkhuni. Tinapitirira mitengo ya masuku. Kuchokera apo njira inatha, tinayamba kukwawa pamiyala yotentha kumtunda, yozizira kunsi, abuluzi akutithawa. Titayandikira pansonga ndinalamula anzanga kuti atseke pakamwa, tingathawitse viyu. Amene mumandidziwa mukhoza kudabwa, koma tsiku limenelo ndinayenda mtunda wonse uja osatulutsa liwu. Amene ankasokosa anali mzunguyo. Ankaimba likhweru, nsapato zake zikuti gwa gwa pamiyala, ndipo mumtima ndinkati munthu uyu kusaka sakudziwa, n'chifukwa chake ali wowonda.

Tinafika. Mphepo inatiwomba ngati yatidikirira zaka zambiri. Chimwala chija chinali pamwamba pathu, chachikulu kuposa tchalitchi, chitatsamira pa kamwala kena kochepa ngati mtondo. Bwana Mawondo anapita kumphepete, anagwira m'chiuno, anakoka mpweya. Kenako anatambasula dzanja lake lalitali lija n'kunena motsitsa, “Viyu.”

Malegeni onse anakokedwa. Agalu tinawamasula. Ine ndinagwada, muvi uli pauta, ndikuyang'ana komwe kunaloza chala.

Kunalibe kanthu. Kumwamba thambo, pansi dziko. Agalu ananunkhiza uku ndi uku, n'kukagona pamthunzi.

Mzungu uja anakhala pamwala, n'kutulutsa kakhadi m'thumba la malaya. Tinamuunjirira. Panali chithunzi cha phiri lobiriwira lopanda mtengo ndi umodzi womwe, mipanda yamiyala itayenda m'mbali mwake ngati mizere ya mbatata, ndi tinthu toyera titamwazikana. Chinyanja chomwe bwanayo ankalankhula chinali chochepa, chongodumpha miyala ngati munthu wowoloka mtsinje. Analoza chithunzicho n'kuti, “Kwathu. Ine mwana. Ine kukwera. Atate, ine, Sabata.”

Ndinayang'anitsitsa tinthu toyera tija. “Anzanga, viyu ndi nkhosa,” ndinalengeza. “Kuno kulibe, zinatsala kwawo.”

Apa aphunzitsi anaona kuti zinthu zifika poipa. Ananong'onezana ndi mzungu uja kwakanthawi, nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono. Kenako anatsokomola. “Monga ndinakuuzani dzulo, viyu ndi kuona. Kuona basi. Kwawo kwa bwana anthu amakwera phiri akaweruka kutchalitchi, amayang'ana, n'kutsika. Tsono onani.” Potulutsa mpango kuti apukute thukuta, m'thumba la jekete munagwa kaphukusi ka tsamba la nthochi. Kanamasuka pamwala. Munali mchere. Palibe anaseka pamenepo, chifukwa tinkafuna moyo. Tinaseka zaka makumi anayi zotsatira.

Bwana Mawondo sanaone zonsezi. Ankayang'ana kakhadi kake, n'kuyang'ana dziko lathu, n'kubwereranso pakakhadi. Kenako anamina mwamphamvu. Ife tinati ndi mphepo.

Ine ndinakumbukira pangano langa ndi atsibweni. Chiguduli chinali pambali panga chopanda kanthu, ndipo Lolemba linali mkuja. Poti panalibenso chochita, ndinachita zomwe aphunzitsi ananena: ndinaona. Aka kanali koyamba kuona mudzi wathu kuchokera kumwamba. Nyumba zinali ngati bowa womera pachulu, mtsinje ngati ulusi wotayidwa, utsi wa m'makhitchini ukukwera woongoka kenako n'kupindika. Ndinaona amayi ena akusinja, munsi ukutsika koma phokoso osamveka. Ndinaona atsibweni, ndinawadziwira chipewa chawo chamlaza, ataima pakhola. Munthu amene mudzi wonse unkamuopa anali wochepa ngati nthata. Ndinatseka diso limodzi, ndinawaphimba ndi chikhadabo. Ndinawavundukula. Ndinawaphimbanso. Ndinachita zimenezi kangapo, ndipo ndisaname, mtima unakhalako pansi.

Ndiye maso anga anatsetsereka kupitirira dambo, kukafika pakhwawa lina lozunguliridwa ndi bango, malo oti ukamayenda pansi umangoona bango lokhalokha. M'katimo munagwedezeka kanthu kofiirira. Kanadzutsa mutu, ndipo pamphumi panali poyera. Pambali pake panali kena kochepetsetsa.

Momwe ndinatsikira phiri lija sindikudziwa. Chiguduli ndinachisiya komweko, uta wa atate anachita kunditengera anzanga. Chitedze chomwe ndinachizemba pokwera ndinachikumbatira chonse potsika. Ndili pakati pa phiri ndinayamba kuitana, ndipo amayi ankanena mpaka ukalamba wawo kuti nkhuku za m'mudzi zinathawira m'nkhokwe. Atsibweni anatenga amuna anayi ndi makasu. Ng'ombe ija inali itatsetserekera m'khwawamo, n'kuberekeramo, ndipo inkalephera kukwera ndi mwana wake. Anakumba njira, anaitulutsa, yowonda koma yamoyo, kamwana kakudzandira pambuyo.

Pobwerera kumudzi ndinayenda patsogolo pa onse, ndikudzikanda thupi lonse koma chifuwa chili patsogolo. Titafika pabwalo ndinadikira kuti anthu achuluke.

“Atsibweni, ndinalonjeza chiyu chimodzi. Ndabwera ndi viwiri.”

Anaseka. Munthu amene mano ake tinkangowaona akamadya nzimbe anaseka mpaka kugwira mawondo. Kenako anaika dzanja pamutu panga.

“Unaiona uli pamwamba penipeni paja?”

“Penipeni.”

“Anzako onse aja sanaione? Aphunzitsi? Mzungu?”

Apa munthu wanzeru akanati tinaiona tonse. Koma ine ndi ine. “Ndine ndekha, atsibweni. Enawo maso awo ndi okongoletsa nkhope.”

Anatembenukira kwa atate. “Alamu, mwamva? Maso ngati amenewa n'kumakawathera pa sileti? Uyu ndi mbusa chibadwire.”

Ndinawakumbutsa za pangano lathu. Anati pangano linali la chiyu, ndipo chimene chaima apocho ndi ng'ombe yawo yomwe, anaidziwa isanamere nyanga. Atate anayang'ana pansi ngati ataya singano. Lolemba ndinakabweza sileti. A Zingani anailandira n'kundipatsa kachoko kakang'ono koti ndizilembera pamiyala kubusa. Mwana wa ng'ombe uja anamutcha Viyu, ine ananditcha Chiyu, ndipo tinakulira limodzi. Zilembo zotsalazo ndinadzazitolera ndili ndi ana kale, kusukulu ya kwacha, n'chifukwa chake b ndi d mpaka lero timangopatsana moni wapatali.

Tsono mverani zomwe zinachitika chilimwe chathachi. Mwana wanga wachiwiri, Yohane, amakhala ku Mangalande, ndipo Esinati anandinyamula pamodzi ndi mdzukulu wanga Tadala kukamuona. Tsiku lina Yohane anati atipititse kumidzi ya kumeneko. Misewu yake ndi yopapatiza ngati njira ya kudambo, mbali zonse mipanda yamiyala. Tinaimika galimoto patsinde pa phiri, ndipo nditakweza maso ndinati ichi ndinachionapo. Phiri lobiriwira lopanda mtengo, mipanda itayenda ngati mizere ya mbatata, tinthu toyera titamwazikana. Kakhadi ka Bwana Mawondo kanali kataimirira pamaso panga, kakuwomba mphepo.

Ndinakwera. Mawondo ankadandaula koma sindinawafunse maganizo. M'njira tinkakumana ndi azungu okalamba kuposa ine, aliyense ndi ndodo ziwiri ngakhale sankatsimphina, opanda nkhwangwa, opanda thumba la bowa, akupereka moni ngati tinakulira mudzi umodzi. Pansonga panali kachipilala ka simenti komwe aliyense ankakagwira n'kujambulitsa. Pansi pathu minda inali yoduladula ngati chitenje cha zigamba, kutali kansanja ka tchalitchi, mthunzi wa mtambo ukuyenda pamwamba pa zonsezo ngati ng'ombe yaikulu yosafulumira. Tadala anabadwira ku South Bend; Chichewa amamva koma amayankha m'chizungu. Anandigwira mkono n'kulankhula zambirimbiri, ndipo ine ndinatolapo liwu limodzi lokha: viyu. Ndinamuuza kuti liwu limenelo ndinalidziwa amayi ake asanabadwe, ndipo linandidyera sukulu.

Onse ankangoyang'ana kutali. Inenso ndinayesetsa. Koma maso anga anatsetsereka okha, n'kukaima pa nkhosa ina yomwe inali payokha kumpanda, ikutsimphina mwendo wakumbuyo wakumanzere. Ndinauza Yohane kuti tikafune mwini wake.

“Ababa, tangoonani viyu,” anatero. “Nkhosa si zanu.”

Atsibweni anamwalira kalekale, koma ndinawamva akuseka pamenepo.

Masiku ano zinthu zinatembenuka. Adzukulu a anthu omwe ankati kukwera phiri chabe ndi misala ndi amene akukwera Loweruka lililonse, atavala nsapato zake zapadera, kukajambulitsa atatambasula manja. Mwana wa mchemwali wanga ananditumizira chithunzi cha Chipendeka pa foni. Masuku anatha, nsungwi zinatha, pambali pa chimwala anamangapo nsanja ya netiweki. Chimwalacho chokha ndi chimene sichinasinthe maganizo, chikufunabe kugwa. Ndipo ana a m'mudzimo, anyamata ndi atsikana, onse ali pasukulu. Palibenso tsibweni amene angachotse mwana chifukwa choti amaona patali.

Ine amene ndinapita kuphiri ndi chiguduli, lero ndikukhala m'dziko lopanda pokwera. Esinati akamandiperekeza kuchipatala kukayezetsa magazi, ndimamuuza kuti galimoto akaimike pamwamba penipeni pa nyumba yosanjikiza yoimikamo magalimoto ija. Amadandaula kuti pansi malo alipo, koma amakwera. Ndimatuluka, ndimagwira m'chiuno. Madenga, mitengo, mtsinje, kenako dziko lija langoti see mpaka kumapeto. Palibe cha m'thumba, palibe ng'ombe yosowa. Ndimangoona.

Ulendo wathawu Tadala anali nafe. Ndinatulutsa foni, ndinamuonetsa Chipendeka. Poti Chichewa chake n'chochepa, ndinati ndimudulire mawu kuti amve bwino. Ndinaloza chithunzicho n'kuti, “Kwathu. Ine mwana. Ine kukwera.”

Nditamva zomwe zatuluka pakamwa panga, ndinatulutsa mpango n'kumina mwamphamvu. Mwanayo anandiyang'ana nkhope. Ndinamuuza kuti ndi mphepo. Pamwamba pamakhala mphepo, aliyense amadziwa zimenezo.